Mafunso ndi Mayankho: Momwe khonsolo ya Bermondsey inasamalira amayi ndi makanda nkhondo itatha

Kalata yoyamba m'munsimu inachokera kwa namwino wa kwathu amene akugwira ntchito ku London. Titaitchula mwachidule m'magazini yapitayi, owerenga ena anatumiza mafunso awo pa nkhani yomweyo, ndipo tawayankha onse pamodzi.

Akonzi, ndikamayenda m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku Bermondsey ndimadutsa ziboliboli zinayi: bambo wachikulire atakhala pansi, mayi atanyamula fosholo, kamtsikana katatsamira khoma, ndi mphaka. Anzanga akuntchito amati anthu amenewa ndiwo anayambitsa ntchito zaumoyo m'dera lino NHS, dongosolo la boma la Britain la chithandizo chaulere cha zaumoyo, isanabwere. Kodi n'zoona?
Namwino, Southwark, London

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Ziboliboli mukuzionazo ndi za Dr Alfred Salter, akazi awo Ada Salter, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Joyce, amene anamwalira m'chaka cha 1910 ali ndi zaka 8 atadwala scarlet fever, nthenda yotenthetsa thupi ndi kutulutsa zidzolo zofiira, imene inkafala kwambiri m'nyumba zothithikana. Dr Salter anaphunzira udokotala pa chipatala cha Guy's ndipo akanatha kupeza ntchito ya ndalama zambiri kwina, koma iwo ndi akazi awo anasankha kukhala pakati pa odwala awo ndi kutumiza mwana wawo kusukulu imene ana a m'deralo ankapitako. Mwanayo atamwalira, iwo sanasamuke.

Anzanuwo akunena zoona, koma akupereka kwa anthu awiri ntchito imene inagwiridwa ndi khonsolo yonse. Kuyambira 1900 mpaka 1965, London anagawidwa m'madera 28 otchedwa borough, ndipo dera lililonse linali ndi makhansala ake, meya wake ndi dokotala wamkulu woyang'anira umoyo wa anthu onse a m'deralo. Pamwamba pa makhonsolo amenewa panali khonsolo yaikulu ya London County Council. Bermondsey, yomwe inali ndi anthu pafupifupi 119,000 m'chaka cha 1921, inali dera la madoko, nyumba zosungiramo katundu, mafakitale ofufuta zikopa ndi ena opanga mabisiketi, jamu ndi viniga. Abambo ambiri ankadalira ganyu wa pa doko, moti m'mawa uliwonse ankaima pageti kudikira kuti kapitawo awaloze chala, ndipo amene sanalozedwe ankabwerera kunyumba chimanjamanja. Mabanja ambiri ankagona, kuphika ndi kuyanika zovala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri, mpopi ndi chimbudzi zili pabwalo, zogawana ndi mabanja ena.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itapha anyamata ochuluka, boma la Britain linayamba kuwerengera moyo wa khanda lililonse. M'chaka cha 1918 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chisamaliro cha amayi ndi ana, ndipo m'chaka chotsatira kunakhazikitsidwa Unduna wa Zaumoyo. Lamulolo linalamula kuti khonsolo yogwira ntchitoyi ikhale ndi komiti yoona za amayi ndi ana, momwe muzikhala amayi osachepera awiri, ndipo boma linkabweza theka la ndalama zimene khonsolo yawononga pa ntchito zovomerezeka. Koma zambiri za m'lamulolo zinali chilolezo, osati chikakamizo, kotero kuti khonsolo youmira inkatha kuchita zochepa popanda woifunsa. Apa ndi pamene Bermondsey inasiyana ndi madera ambiri. M'chaka cha 1922 chipani cha Labour chinatenga khonsoloyo, Mayi Salter anakhala meya, mayi woyamba kukhala pa udindowu m'madera a London, ndipo Dr Salter anasankhidwa kukhala phungu wa Bermondsey West. Makhansalawo anaganiza zogwiritsa ntchito chilolezo chilichonse chimene lamulo linapereka, ngakhale kuti zimenezo zinakweza msonkho wa nyumba ndi malo ndipo zinawaputira adani.

M'zaka 14 zotsatira khonsoloyo inalimbikitsa masikelo ndi kugawa mkaka kwa amayi osauka, inatsegula nyumba yopumulirako ntchembere ku Fairby Grange m'dera la Kent, malo ochizira ndi nyali zowala ngati dzuwa mu 1926, mabafa ndi malo ochapira a anthu onse mu 1927, nyumba zokhala ndi timinda ku Wilson Grove mu 1928, ndi likulu la zaumoyo pa msewu wa Grange Road mu 1936. Fosholo ili m'manja mwa Mayi Salter ikukumbutsa mitengo masauzande imene komiti yawo yokongoletsa deralo inabzala m'misewu, chifukwa iwo ankakhulupirira kuti mpweya wabwino ndi maluwa n'zoyenera mmphawi monga momwe ziyenerera munthu wolemera.

Ndine mzamba wopuma pa ntchito. Ndakhala ndikuuza ana anga a ntchito kuti sikelo payokha sipulumutsa mayi amene akutaya magazi usiku. Kodi masikelo ndi kuyendera makomo kumeneko kunachepetsa imfa za amayi pobereka, kapena za ana okha?
Mzamba wopuma, Mchinji

Amayi, zimene mumawauzazo n'zimene mbiri ya England ikuonetsa, ndipo funso lanu ndi limene tikhalitsepo chifukwa anthu ambiri amasakaniza zinthu ziwirizi.

Imfa za makanda zinatsika mofulumira. M'chaka cha 1900, ku England ndi Wales, ana 154 pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira asanakwanitse chaka. Pofika 1920 chiwerengerocho chinali 80, mu 1930 chinali 60, ndipo mu 1948 chinali 34. Njira imene makhonsolo ankatsata inali yosavuta kuimvetsa. Kuyambira 1915 lamulo linkakakamiza kuti mwana aliyense akabadwa, dokotala wa khonsolo adziwitsidwe pasanathe maola 36. Mzamba ankapitiriza kuyendera ntchembere kwa masiku pafupifupi khumi, nthawi imene kwathu tingaifanizire ndi chikuta, ndipo iye akangosiya, pakhomopo pankagogoda mlangizi wa zaumoyo wa khonsolo, amene Angelezi amamutcha health visitor. Mlangiziyo ankalowa m'chipinda momwemo, n'kuona pamene khanda likugona, kufunsa ngati likuyamwa, kununkhiza botolo ngati mayi akumwetsa mkaka wogula, kuona ngati chakudya n'chovundikira, n'kulemba zonse pa khadi. Asanachoke ankauza mayiyo tsiku la sikelo. Kusikeloko khanda linkavulidwa n'kuikidwa pa muyeso, dokotala n'kuliona, ndipo mayi wosowa ankapatsidwa mkaka waulere kapena wotsika mtengo.

Nthenda imene inkatha makanda inali kutsekula m'mimba m'nyengo yotentha. M'chaka cha 1911, chomwe chinatentha modabwitsa, imfa za makanda m'dziko lonse zinakwera kuchoka pa 105 kufika pa 130. Ntchentche zinkaswana m'ndowe za akavalo amene ankakoka ngolo m'misewu, n'kukatera pa zitini za mkaka zosiyidwa zotsegula, ndipo mabotolo ena a nthawiyo anali ndi kapaipi kaatali ka labala kosatheka kutsuka m'kati. Tisapatse khonsolo ulemu wonse, chifukwa magalimoto atalowa m'malo mwa akavalo ntchentche zinachepa, mkaka waufa unayamba kupezeka, ndipo mabanja anayamba kubereka ana ochepa. Komabe munthu amene ankafikitsa uthenga wa ukhondo pa mphika ndi pa botolo la mayi aliyense anali mlangizi uja.

Imfa za amayi sizinatsike nazo. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka cha m'ma 1934, amayi anayi kapena kuposerapo pang'ono pa amayi 1,000 alionse obereka ankamwalira, ndipo chakumapeto kwa nyengoyo chiwerengerocho chinakwera m'malo motsika. Dr Janet Campbell wa ku Unduna wa Zaumoyo analemba lipoti pa nkhaniyi mu 1924, n'kuonetsa kuti imfa zambiri zinali zopeweka. Zinthu zitatu zinkapha amayi: matenda olowa m'chiberekero akangochira, kukomoka ndi kuphupha chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndi kutaya magazi. Chimene chimadabwitsa anthu ambiri n'chakuti akazi a anthu olemera ankamwalira mofanana, nthawi zina moposa, akazi a anthu osauka. Chifukwa chake chinali chakuti mayi wolemera ankaitana dokotala amene, pofulumira kukaona odwala ena, ankamugoneka ndi mankhwala n'kukoka mwana ndi zitsulo pa bedi la kunyumba, manja ndi zipangizo zisali zoyera mokwanira, pamene mayi wosauka ankathandizidwa ndi mzamba wophunzitsidwa amene ankadikira modekha. Umphawi unkapha makanda, koma amayi ankaphedwa makamaka ndi mathandizidwe a pa tsiku lobereka.

Kusintha kunabwera pakati pa 1935 ndi 1937. Wasayansi wina, Dr Dora Colebrook, anaonetsa kuti tizilombo toyambitsa matenda a ntchembere kawirikawiri tinkachokera kukhosi ndi m'mphuno mwa anthu ozungulira mayiyo, kuphatikizapo omuthandiza. Mlongo wake Leonard Colebrook anayesa mankhwala atsopano a ku Germany otchedwa Prontosil pa chipatala cha Queen Charlotte's mu 1936, ndipo mwa amayi odwala matendawa, omwalira anatsika kuchoka pa mmodzi mwa anayi kufika pochepera mmodzi mwa khumi. Nthawi yomweyo kunapezeka ergometrine, mankhwala okhwimitsa chiberekero kuti magazi aleke, ndipo nkhondo yachiwiri inabweretsa nkhokwe za magazi ndi penicillin. Lamulo la azamba la 1936 linalamula kuti pakhale azamba ophunzitsidwa olandira malipiro a pamwezi, kuti mayi asaitane munthu wosaphunzira chifukwa chosowa ndalama, ndipo ku London udindowu unali wa London County Council. Pofika 1950 amayi omwalira anali osakwana mmodzi pa 1,000.

Izi sizikutanthauza kuti khonsolo inalibe chochita mankhwalawo asanabwere. Tauni ya Rochdale, kumpoto kwa England, inali ndi imfa za amayi pafupifupi 9 pa 1,000 pamene Dr Andrew Topping anakhala dokotala wa khonsolo mu 1930. Iwo anasonkhanitsa azamba, madokotala ndi chipatala kuti azigwirizana, anafufuza imfa iliyonse, analankhula poyera ndi amayi za zizindikiro zoopsa, ndipo m'zaka zochepa imfazo zinatsika kupitirira theka, umphawi wa m'tauniyo usanasinthe ngakhale pang'ono. Kwa ine nkhani ya Rochdale ndi yofunika kuposa ya mankhwala, chifukwa chimene chinasintha kumeneko chinali dongosolo la anthu omwe analipo kale.

Ndinaona chithunzi cha ana a ku London atavala magalasi akuda okhaokha, ataima mozungulira nyali yaikulu. Akuti ankachiza chifuwa chachikulu. Kodi dzuwa limachiza TB?
Wophunzira, Zomba

Ayi, TB ya m'mapapo sichizika ndi dzuwa kapena nyali, ndipo aliyense amene akutsokomola kwa nthawi yaitali apite kuchipatala akayezetse makhololo. Madokotala a ku Bermondsey anatengera njirayi kwa Dr Auguste Rollier wa ku Leysin m'mapiri a Switzerland, kumene khonsoloyo inkatumizako odwala ake ena pa ndalama za msonkho. Kuwalako kunkathandizadi pa TB ya pakhungu, ntchito imene Niels Finsen analandirira mphoto ya Nobel mu 1903, ndiponso pa nthenda yofewetsa mafupa imene imasiya ana ndi matewe, chifukwa khungu likalandira kuwala kwa dzuwa thupi limapanga vitamini D, ndipo ana a m'tinjira ta Bermondsey, pansi pa utsi wa malasha, dzuwa ankaliona mwa apo ndi apo. Mankhwala enieni a TB anayamba ndi streptomycin, amene anayesedwa mwadongosolo ku Britain ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1948, kenako isoniazid mu 1952.

Ine ndimayenda m'midzi kuphunzitsa za zimbudzi ndi kusamba m'manja, ndipo nthawi zina anthu amandiona ngati ndabwera kudzawanyoza. Kodi anzathu akalewo ankawafika bwanji anthu pamtima?
Mlangizi wa zaumoyo, Ntcheu

Bambo, vuto lanulo analinso nalo. Amayi ambiri a m'madera osauka a London ankaona mlangizi ngati kazitape wa boma, makamaka akakhala mtsikana wosakwatiwa wochokera kubanja lopeza bwino amene akuuza mayi wa ana asanu ndi awiri momwe angalerere mwana. Chimene ndimachilemekeza pa Bermondsey n'chakuti makhansala ake anazindikira kuti kuuza munthu kuti azisamba, iye alibe bafa kapena madzi otentha, n'kumuchititsa manyazi chabe. N'chifukwa chake mabafa a pa Grange Road anamangidwa aakulu ndi okongola, okhala ndi maiwe osambiramo, zipinda zimene munthu ankalipira ndalama yochepa n'kupeza madzi otentha, sopo ndi thaulo, ndiponso malo ochapira kumene mayi ankafika ndi mtolo wa zovala za mlungu wonse n'kubwerera nazo zouma. Monga makhonsolo ena a London, analinso ndi malo ochotsera nsabwe ndi kuchiza mphere, ndipo zofunda za m'nyumba momwe mwagwa matenda opatsirana zinkatengedwa pa galimoto kukaphikidwa ndi nthunzi. Oyendera zaukhondo ankalemba masamoni kwa eni nyumba za lendi amene sankakonza madenga odontha ndi ngalande zotsekeka, kotero kuti anthu ankaona kuti lamulo la ukhondo likugwira wolemera yemwe, osati iwo okha.

Pa kaphunzitsidwe, ofesi ya zaumoyo motsogozedwa ndi Dr Donald Connan inayamba kujambula yokha mafilimu m'zaka za m'ma 1920. Galimoto yokhala ndi chinsalu kumbuyo inkaima m'kanjira kapena pabwalo la nyumba zosanja kukada, ana n'kuthamangira kutsogolo, akuluakulu ataima m'makomo, ndipo dokotala ankafotokoza zimene zikuoneka. Mafilimuwo ankajambulidwa m'misewu yomweyo, moti owonera ankazindikira nyumba, masikelo ndi ana a anansi awo. Malangizo ochokera kwa munthu amene wakupatsa kale madzi otentha, ndipo akukuonetsa nkhope zimene ukuzidziwa, savuta kuwalandira.

Ngati khonsolo inkachita bwino chotero, chinachitika n'chiyani nkhondo yachiwiri itatha? Kodi NHS inangopitiriza ntchitoyo?
Mphunzitsi, Lilongwe

Bermondsey inavutika kwambiri pa nkhondoyo chifukwa cha madoko ake. Usiku wa pa 7 September 1940 madoko a Surrey, momwe munkasungidwa matabwa, anayaka moto waukulu, ndipo mabomba anapitirira kugwa kwa miyezi yambiri. Mayi Salter anamwalira mu 1942 ndipo Dr Salter mu 1945. Kalembera wa 1951 anapeza anthu pafupifupi 60,000 okha m'deralo, theka la chiwerengero cha zaka 30 m'mbuyomo, ambiri a iwo akukhala m'nyumba zong'aluka makoma kapena m'tinyumba tongoyembekezera, makoswe akuswana m'mabwinja.

Ngakhale zinali choncho, nkhondoyo inasiya zinthu ziwiri zabwino m'masikelo. Choyamba chinali chakudya: kuyambira 1940 boma linkapereka mkaka wotsika mtengo kapena waulere kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, kenako linawonjezera mafuta a chiwindi cha nsomba ndi madzi a malalanje. Chachiwiri chinali katemera wa diphtheria, nthenda yotseka kukhosi imene inapha anthu oposa 2,400 ku England ndi Wales mu 1940, ambiri a iwo ana. Boma linayamba kugawa katemerayu kwaulere kudzera m'makhonsolo, ndipo pofika 1957 omwalira anali osakwana khumi.

NHS inayamba pa 5 July 1948 motsogozedwa ndi nduna Aneurin Bevan, ndipo kwa mayi wa ku Bermondsey phindu lake linali lalikulu. Kale inshuwalansi ya boma inkalipirira dokotala wa munthu wogwira ntchito yekha, mkazi wake wa pakhomo ndi ana ake ayi, ndipo amayi ambiri ankapirira zilonda za m'miyendo, kutsika kwa chiberekero ndi mano owola kwa zaka chifukwa chosowa ndalama. Kuyambira tsikulo dokotala, mzamba ndi bedi la kuchipatala zinakhala zaulere kwa aliyense, mosayang'ana kuti khonsolo ya kwawo ndi yowolowa manja kapena youmira, ndipo chimenechi ndi chimene dongosolo lakale silikanatha kuchita.

Koma khonsolo ya Bermondsey inataya zambiri za zimene inamanga. Masikelo, alangizi oyendera makomo ndi katemera zinapita m'manja mwa London County Council, zipatala zinapita ku mabodi osankhidwa ndi nduna, ndipo madokotala a m'madera anakhala pansi pa makomiti awoawo. Mayi mmodzi woyembekezera ankatha kuonedwa ndi nthambi zitatu zosiyana, iliyonse ndi makadi ake, ndipo madandaulo a kusagwirizanaku ndi amene anachititsa boma kukhazikitsa komiti ya Cranbrook, imene inatulutsa lipoti lake mu 1959. Ndikuona kuti panatayika chinthu chenicheni, chifukwa kale mayi wodandaula za sikelo ankatha kuimitsa khansala wake pamsika, pamene tsopano wolamula anali kutali. Chimene chinatsalira dokotala wa khonsolo chinali ukhondo wa malo: nyumba zosayenera kukhalamo, zakudya za m'masitolo ndi m'nkhokwe za pa doko, makoswe, ngalande ndi utsi. Ntchitoyi sinali yaing'ono, monga zinaonekera mu December 1952 pamene nkhungu yosakanizika ndi utsi wa malasha inakuta London kwa masiku asanu n'kupha anthu osachepera 4,000, zimene zinabala lamulo la mpweya wabwino la 1956.

Mu 1965 Bermondsey inaphatikizidwa ndi Southwark ndi Camberwell kukhala dera limodzi la Southwark, ndipo mu 1974 udindo wa dokotala wa khonsolo unathetsedwa m'dziko lonse, ntchito zake zachipatala n'kulowa mu NHS. Patapita zaka pafupifupi 40, mu April 2013, boma linabwezera ku makhonsolo a England udindo woteteza umoyo wa anthu, ndipo mu October 2015 linawapatsanso udindo wokonza ndi kulipirira ntchito ya alangizi oyendera ana osakwana zaka zisanu. Choncho mlangizi amene amagogoda lero pakhomo la ntchembere ya ku Bermondsey, mwana atatha masiku 10 mpaka 14, ndalama za ntchito yake zimadutsa ku khonsolo ya Southwark.